Ntchito Itsogole, Kamera Itsate: Kusankha Kamera ya Vidiyo Molingana ndi Zosowa ndi Thumba

(Nyimbo yotsegulira)

 Ndikupemphani kuti musendere kufupi ndi wailesi, pakuti lero tikambirana za chida chimene makolo athu sanachione, koma chimene ife ana awo tayamba kuchipeza paukwati, pamaliro, m'tchalitchi, mumzikiti ndi pabwalo la mpira. Chida chimenechi ndi kamera yojambulira kanema, imene ambiri amaitcha kamera ya vidiyo. Funso lathu ndi ili: munthu amene wasonkhanitsa ndalama zake movutikira, nafuna kugula kamera, adzasankha bwanji yoyenera iye pakati pa mitundumitundu imene yadzaza m'masitolo ndi pa intaneti?

Yankho langa ndilinena poyamba pomwe, ndipo ndidzalibwereza kufikira mutalisunga pamtima: ntchito itsogole, kamera itsate pambuyo. Mmisiri wosema mitondo sapita kumsika kukagula nkhwangwa yogwetsera nkhalango, ndipo wogwetsa nkhalango sanyamula sompho. Yense amayamba wadziwa chimene manja ake adzachita, ndipo pamenepo ndi pamene amafunafuna chipangizo chake.

Ulendo wathu uyenda motere. Tiyamba ndi kumene chidachi chinachokera. Kenaka ndikupatsani mafunso atatu oti mudzifunse musanatulutse ndalama m'thumba. Titatero tiona mitundu ya makamera ndi anthu amene iwayenera. Ndipo potsiriza tikambirana za mawu okoma a ogulitsa, za zowonongera zobisika, ndi za kugula kamera yogwirapo kale ntchito.

M'mwezi wa Disembala chaka cha 1895, mumzinda wa Paris, abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anasonkhanitsa anthu m'chipinda nawaonetsa zithunzi zoyenda, zimene anazijambula ndi bokosi lopukusa ndi dzanja, ndipo kanema aliyense sanali kukwana ngakhale mphindi imodzi. Patapita zaka zambiri, m'chaka cha 1983, kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa kamera ya pabanja yokhala ndi kaseti yake mkati momwemo, yoti munthu mmodzi n'kuisenza paphewa. Ndipo taonani chimene chinachitika ku Nigeria: m'chaka cha 1992 anthu anajambula filimu yotchedwa Living in Bondage ndi kamera ya vidiyo, naigulitsa pa makaseti m'misika, ndipo ambiri amati pamenepo ndi pamene panaphukira ntchito yaikulu ya mafilimu a Nollywood amene ife tonse timaonera m'nyumba zathu ndi m'mavidiyo sho. Kwathu kuno wailesi ya kanema inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999, ndipo kuyambira nthawiyo ana athu ambiri atenga kamera ngati khasu lawo lopezera chakudya. Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti nkhani yokoma, yosimbidwa ndi munthu wodziwa kusimba, imafika patali ngakhale chida chake chikhale chochepa.

Tsono tifike pa mafunso atatu aja. Loyamba ndi ili: ndidzajambula chiyani? Mayi wofuna kusunga chikumbutso cha mwana wake akuyamba kuyenda ali ndi zosowa zosiyana ndi za mnyamata wofuna kupeza ganyu ya maukwati, ndipo onsewa asiyananso ndi mlangizi wa zaulimi wofuna kuonetsa alimi kapangidwe ka manyowa. Lachiwiri: ndidzajambulira kuti, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji? Pakuti kujambula padzuwa la masana n'kopepuka kwa kamera iliyonse, koma kujambula m'tchalitchi cha mazenera aang'ono, kapena mu holo usiku magetsi atazima, ndi kumene kumayesa mphamvu ya chida. Lachitatu: kanema wangayo adzamuonera ndani, ndipo adzamuonera pa chiyani? Kanema wotumiza kwa achibale pa WhatsApp, amene foni imamupanikiza kuti achepe asanapite, safuna kamera yofanana ndi yojambulira kanema wokaonetsa pa wailesi ya kanema kapena pa chinsalu chachikulu. Chiyani, kuti, ndi ndani: mafunso atatu amenewa mukawayankha moona mtima, mwatsiriza theka la ntchito yosankha musanapondeko kusitolo.

(Nyimbo pang'ono)

Takulandiraninso, omvera okondedwa. Tsopano tiyendere mitundu ya makamera, kuyambira pa thumba lopepuka kufikira pa thumba lolemera.

Woyamba ndi munthu amene ndalama zake zili zochepa, ndipo kwa iyeyu ndili ndi uthenga wabwino, pakuti kamera yake mwina ili kale m'thumba la malaya ake. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo foni yamakono imene muli nayo lero iposa kamera ya maloto imene mudzagula chaka chamawa. M'chaka cha 2015, wojambula mafilimu wa ku America dzina lake Sean Baker anatulutsa filimu yathunthu yotchedwa Tangerine, imene anaijambula ndi mafoni a iPhone, ndipo inaonetsedwa pa chionetsero chotchuka cha mafilimu cha Sundance. Chifukwa chake, ngati cholinga chanu ndi kusunga zikumbutso za pabanja, kulengeza malonda anu pa Facebook, kapena kuphunzitsa anzanu luso lina lake, musadzilemetse ndi ngongole. Gulani kokha choimikapo foni cha miyendo itatu, chimene ojambula amati tripod, kuti chithunzi chileke kunjenjemera, ndi kamaikolofoni kopanira pa kolala ya wolankhula. Foni ili ndi zofooka zake ziwiri zoti muzidziwe: mumdima chithunzi chake chimachita mchengamchenga, ndipo chinthu chikakhala patali siitha kuchikoka bwino.

Wachiwiri ndi iye amene ajambula zinthu zotenga nthawi yaitali, monga mapemphero, misonkhano, makwaya, masewero a mpira ndi miyambo ya kumudzi. Uyu imuyenera kamera ija yokhala ndi lamba wolowetsamo dzanja ndi kagalasi kotsegukira pambali, monga zimene amapanga a Sony, a Panasonic, a Canon ndi a JVC. Ubwino wake ndi wakuti inapangidwira ntchito imeneyi basi: imajambula kwa maola osatopa malinga batire ndi khadi zilipo, imagwirika bwino m'dzanja, ndipo diso lake limakoka zakutali kotero kuti muli kumbuyo kwa tchalitchi mutha kuonetsa nkhope ya mlaliki, kapena muli m'galimoto ku Liwonde mutha kuyandikitsa njovu imene ikumwa madzi kutsidya kwa Shire popanda kuika moyo wanu pachiswe. Koma nayonso, makamaka yotsika mtengo, imafooka kuwala kukachepa.

Wachitatu ndi iye amene afuna kudya za kamera, wojambula maukwati, nyimbo ndi zolengeza malonda, amene makasitomala ake adzamufunsa chithunzi chokongola chonga cha m'mafilimu. Uyu ayang'ane makamera osinthika maso, amene ojambula amawatcha DSLR ndi mirrorless. Mkati mwa kamera iliyonse muli kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa sensa, ndipo monga denga lalikulu limakolola madzi ambiri a mvula kuposa denga la kakhumbi, momwemonso sensa yaikulu imakolola kuwala kochuluka, n'chifukwa chake makamera awa amaona bwino mu holo ya mdima, namuonetsa mkwatibwi poyera pamene zakumbuyo kwake zachita chizimezime. Komabe walira mvula walira matope. Diso la kamera yotere, limene amati lenzi, kawirikawiri ligulidwa palokha, ndipo lina mtengo wake uposa wa kamera yeniyeniyo. Kuwonjezera apo, ambiri mwa makamera akale a mtundu uwu amaleka okha kujambula mphindi 30 zisanakwane, ndipo ena amatentha nazima, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala kumadera onga Chikwawa ndi Nsanje. Taganizani kamera itazima pamene mkwati akuveka mkwatibwi mphete! Funsani za zimenezi musanagule, pakuti safunsa anadya phula.

Palinso timakamera ting'onoting'ono tolimba, tonga ta GoPro ndi DJI, timene munthu amamangirira pachipewa, panjinga kapena pabwato, ndipo tambiri timalowa m'madzi osawonongeka. Wofuna kujambula mbuna zamawangamawanga pansi pa nyanja ku Cape Maclear, kapena ulendo wokwera phiri la Mulanje, adzakondwera nato. Koma diso lake ndi lotambalala, losakoka zakutali, ndipo sitiyenera ukwati kapena ulaliki. Pamwamba pa onsewa pali makamera a mafilimu akuluakulu, monga a ARRI ndi a RED, amene mtengo wake ungamange nyumba. Amenewa ngakhale akatswiri ambiri amangochita kubwereka molipira kwa masiku a ntchito okha, ndipo inunso, ntchito yaikulu ikakugwerani kamodzi pachaka, chitani chomwecho, koma muwasamale koposa, pokumbukira kuti nkhwangwa yobwereka sikhala kuguluka.

Mukumbukira kuti m'Baibulo Davide, pamene Sauli anamuveka zovala zake zankhondo, zolemera ndi zonyezimira, anazivula chifukwa sanazizolowere, natenga choponyera miyala chimene dzanja lake linachidziwa kuubusa. Kamera yodula imene mwini wake sadziwa mabatani ake ili ngati zovala za Sauli pathupi la mnyamata. Ndibwerezenso: ntchito itsogole, kamera itsate pambuyo.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano ndiloleni ndikusimbireni chimene chinachitika m'banja mwathu, pakuti ndicho chinandichititsa kukonza phunziro la lero. Pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga tinalemba mnyamata wojambula, amene anabwera ndi kamera yaikulu yochititsa kaso, naiimika kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi pamene jenereta inali kulira. Nthawi ya malangizo itakwana, agogo athu aakazi, amene anali atakalamba kwambiri, anaimirira atatsamira ndodo yawo, nalankhula kwa akwatiwo ndi mawu apansipansi, ndipo amene tinali pafupi tinagwetsa misozi. Patapita masabata awiri kanema uja anafika, ndipo tinasonkhana tonse kuti tionere. Chithunzi chinali chokongola ndithu: mikanda ya m'khosi mwawo inaoneka umodziumodzi, makwinya a pankhope pawo, ngakhale maluwa a pachitenje chawo. Koma pamene milomo yawo inayamba kugwedera, chimene tinamva ndi kulira kwa jenereta ndi mphepo yowomba pa maikolofoni ya kamera, osamva ngakhale liwu limodzi la agogo. Dzinja lotsatira iwo anatisiya, ndipo mawu aja anapita nawo kumanda. Kamaikolofoni kopanira pa bulauzi yawo, kamene mtengo wake ndi kagawo kochepa chabe ka mtengo wa kamera ija, kakanatisungira chuma chimenecho kufikira kwa zidzukulutudzi.

Chifukwa chake ndikudandaulirani, abale anga: poyang'ana kamera, itembenuzeni muone ngati ili ndi kabowo kolowetsapo maikolofoni yapadera, ndipo ngati nkotheka kenanso kolowetsapo zomvera za m'makutu, kuti muzimva chimene kamera ikumva pamene mukujambula. Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu akakhala osamveka amanyamuka n'kumapita. Ife ndife anthu a mawu. Nzeru zathu zili m'miyambi, m'nyimbo ndi m'malangizo a akulu, ndipo kamera yosamva ili ngati mboni yogontha pabwalo la milandu.

Nanga za mawu okoma a ogulitsa? Pali mawu atatu amene mudzawamva kawirikawiri. Oyamba ndi akuti 4K. Chithunzi cha kanema chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo 4K ili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa chithunzi chimene amati Full HD. N'chokongoladi, koma chimadzaza khadi msanga, chimafuna kompyuta yamphamvu pochikonza, ndipo chimadya bandulo yambiri pochitumiza. Kwa ntchito zambiri za kwathu kuno Full HD ikwanira bwino lomwe. Achiwiri ndi a zumu, ndiko kukoka zakutali. Zumu ili pawiri: ina imachitika ndi magalasi enieni oyenda mkati mwa diso la kamera, imene pabokosi amalemba kuti optical, ndipo iyi ndiyo yeniyeni; inayo, yolembedwa kuti digital, ingofutukula chithunzi monga munthu wokoka nsalu yaing'ono kuti ikwane thebulo lalikulu, mpaka ulusi wake uonekera. Musatengeke ndi nambala yaikulu ya zumu yachiwiriyi. Achitatu ndi a timakamera topanda dzina lodziwika, totsika mtengo modabwitsa, timene pabokosi pake alembapo malonjezo onse a padziko. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kamera yakale ya kampani yodziwika, ngakhale foni yabwino, kawirikawiri imaposa timeneti kutalitali.

Pali kanthu kenanso kamene ambiri sakadziwa, makamaka amene alandira kamera kuchokera kwa achibale a ku America. Magetsi a kwathu kuno, ndi a ku Zambia, Mozambique ndi South Africa, amagunda ka 50 pa sekondi, pamene a ku America amagunda ka 60, ndipo mababu ena amaphethira motsata kugunda kumeneku mofulumira koti diso la munthu silingaone, koma kamera imaona. Mukajambula m'nyumba, n'kuona kanema akuphethiraphethira kapena mizere ikuyenda pachithunzi, musafulumire kunena kuti kamera yafa. Lowani m'makonzedwe ake, musankhe PAL, ndiko kujambula zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi, ndipo nthawi zambiri vutolo lidzatha. Musanagule, onetsetsani kuti kamerayo imalola kusintha kumeneku.

Tifike tsono pa thumba. Malembo atichenjeza za munthu womanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuti angalekere pamaziko anthu n'kumuseka. Kamera siyenda yokha. Ifuna batire lachiwiri, ngakhale lachitatu, pakuti magetsi athu amazima osatsanzika. Ifuna makhadi osungiramo kanema, ndipo akhale enieni ndi othamanga, monga aja olembedwa V30, chifukwa makhadi achinyengo achuluka m'misika ndipo amataya ntchito ya tsiku lonse. Ifuna tripod, maikolofoni, nyali yaing'ono yowunikira, chikwama choteteza ku fumbi la chilimwe, ndi posungira kanema mukamaliza. Langizo langa ndi lakuti ndalama zanu muzigawe patatu: magawo awiri apite ku kamera, ndipo gawo lachitatu lisungidwire zinthu zimenezi. Ndipo musafune kugula zonse zokoma tsiku limodzi, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Yambani ndi zofunika, zinazo zidzabwera ndi phindu la ntchito, poti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ambiri a ife tidzagula kamera yogwirapo kale ntchito, kaya m'tauni momwe muno, kaya kudzera mwa mbale wochokera ku Johannesburg, ndipo palibe cholakwa pamenepo malinga muiyese modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Walitsani tochi m'diso lake, muone ngati mulibe tinthu tonga ulusi wa kangaude, chifukwa imeneyo ndi nkhungu imene imamera m'magalasi nyengo ya chinyezi, ndipo kuichotsa n'kovuta. Jambulani khoma loyera, muone ngati pachithunzi palibe timadontho tosasuntha. Ilekeni ijambule kwa nthawi yaitali muli pomwepo, kuti muone ngati itentha kapena batire lake lithera panjira. Lankhulani pamaso pake, ndipo mumvetsere mawu anu. Funsani ngati mabatire a mtundu umenewo akupezekabe, ndipo pemphani lisiti kapena kalata ya malonda yokhala ndi nambala ya kamerayo, kuti mungagule katundu wakuba n'kudzipezera mlandu. Musachite manyazi pofunsa, popeza mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wogulitsa woona mtima sadzakwiya nanu.

Mawu amodzi otsiriza tisanatsekere. Kamera ikakhala m'manja mwanu, ulemu ukhale mumtima mwanu. Pamaliro, m'chipatala, pamaso pa ana a eni, ndi pa miyambo yolemekezeka monga Gule Wamkulu, yambani mwapempha chilolezo kwa eni ake ndi kwa mafumu, ndipo akakana, bwezerani kamera m'chikwama mokondwa. Palibe kamera yodula imene ingagule ulemu umene mwini wake wautaya.

Omvera okondedwa, nthawi yathu yatha. Tanena kuti mudzifunse mafunso atatu: ndidzajambula chiyani, ndidzajambulira kuti, ndipo adzaonera ndani. Tanena kuti foni ikwanira zikumbutso ndi malonda aang'ono, kamera ya lamba iyenera misonkhano yaitali ndi zakutali, ndipo yosinthika maso iyenera wofuna kudya za luso limeneli. Tanena kuti mawu asamalidwe monga chithunzi, ndi kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama lisungidwire zothandizira. Pamwamba pa zonse, ntchito itsogole, kamera itsate pambuyo.

Usiku uno, musanagone, talingalirani: kodi m'banja mwanu muli ndani amene mawu ake simungafune kuti atayike? Ngati alipo, musadikire kamera ya chaka chamawa. Mawa lomwe, dzuwa likapendeka, khalani nawo pamthunzi pamalo opanda phokoso, muimike foni yanu pafupi ndi iwo, ndipo muwapemphe akusimbireni kumene mtundu wanu unachokera. Ife tinachedwa ndi agogo athu; inu nthawi ikali m'manja mwanu.

 

(Nyimbo yotsekera)